Mazzini, mlendo amene adagwira boma likuwerenga makalata ake

Malume anga, amene adatisiya zaka zapitazo, adali ndi kachizolowezi kena kamene ndili mwana kankandiseketsa. Akalandira kalata sankathamangira kung'amba envulopu ayi. Ankayamba aitembenuza, kuyang'anitsitsa pomata pake, kuiunika padzuwa, ndiye n'kutsegula pang'onopang'ono ndi mpeni. Apatu n'kuti ulamuliro wa chipani chimodzi utatha kale, riferendamu ya 1993 itadutsa, koma iwo sadasiye mpaka imfa yawo. Nawo makalata amene iwo ankalemba munkangokhala za mvula, chimanga ndi chitopa cha nkhuku basi. Nditakula ndidawafunsa chifukwa chake. Adandiyankha kuti m'masiku awo munthu unkalemba kalata ukudziwa kuti oiwerenga ndi awiri, amene wamulemberayo ndi wina amene sudzamuona nkhope.

Malumewo ndidawakumbukira tsiku lina ndili m'laibulale, m'zaka ziwiri zokha zimene ndidakhala pa yunivesite fizi isanandibweze kumudzi. Ndidapeza mbiri ya munthu wina wa ku Italy, Giuseppe Mazzini, amene naye ankayang'anitsitsa pomata pa makalata ake. Koma iyeyu sadalekere pa kukayikira. Adatchera msampha, boma la Britain lidakodwa, ndipo m'chaka cha 1844 nduna zidatuluka thukuta m'Nyumba ya Malamulo ku London. Masiku ano maiko ambiri akukangana ngati boma lili ndi mphamvu yomvetsera mafoni ndi kuwerenga mauthenga a anthu, komanso ngati anthuwo ali ndi ufulu wofunsa m'mene boma likuchitira zimenezi. Ndiye ndati lero ndikufotokozereni za mkuluyu, poti mkanganowu ndi wakale ndipo iye ndi mmodzi mwa oyamba kuutulutsira pabwalo.

Mazzini adabadwa pa 22 June 1805 mumzinda wa Genoa, m'mbali mwa nyanja. Bambo ake, a Giacomo, adali dokotala komanso mphunzitsi pa yunivesite. Mayi ake, a Maria Drago, adali munthu wopemphera kwambiri, ndipo ndiwo adamuumba mtima. Pamene iye ankakula, Italy sidali dziko limodzi. Napoleon atagonja mu 1815, mafumu a ku Ulaya adaligawana ngati nyama ya pamaliro. Kumpoto, madera a Milan ndi Venice adali m'manja mwa Austria. Pakati ankalamula Papa. Kummwera kudali mfumu ya ku Naples. Mzinda wa Genoa adaupereka kwa mfumu ya ku Piedmont osafunsa n'komwe eni mzinda.

Mu 1821, ali ndi zaka 15, akuyenda ndi mayi ake mumsewu, adaona anthu amene adaukira mfumu n'kulephera akupemphetsa ndalama zoti akwerere sitima kuthawa dziko. Zimenezi zidamukhala mumtima, moti adayamba kuvala zakuda zokhazokha ngati namfedwa, kulira dziko lake, ndipo adavala choncho moyo wake wonse. Adamaliza maphunziro a zamalamulo mu 1827 n'kumaimira amphawi pa milandu, koma mtima wake udali pa cholembera. Nyuzipepala imene ankalembamo ku Genoa boma lidaitseka. Adalowa gulu lachinsinsi la Carbonari, wina wa m'gulu momwemo n'kumupereka kwa apolisi, ndipo mu 1830 adamutsekera m'ndende ku Savona. Umboni utasowa, mu 1831 adamuuza kuti asankhe, kukakhala m'katauni kakang'ono apolisi akumulondalonda kapena kutuluka m'dziko. Adasankha kutuluka. Apo n'kuti ali ndi zaka 25.

Chaka chomwecho, ali ku Marseille m'dziko la France, adayambitsa gulu lotchedwa Giovine Italia, kutanthauza Italy wa achinyamata. Cholinga chake chidali chakuti Italy likhale dziko limodzi, lodziimira palokha, lopanda mfumu, lolamulidwa ndi anthu osankhidwa. Asilikali adalibe, ndalama adalibe, ofesi adalibe. Chida chake chidali kalata. Ankalemba usana ndi usiku, amalinyero n'kumazembetsa makalata ndi timabuku take m'sitima zopita ku madoko a Italy. Zolemba zake zimene zidadzasonkhanitsidwa iye atamwalira zidadzaza mabuku oposa 100, ndipo gawo lalikulu ndi makalata. Choncho wofuna kudziwa za m'mutu mwa Mazzini sankafunika kumumanga. Kugwira thumba la makalata ake kudali kokwanira.

Mu 1833 boma la Piedmont lidatulukira chiwembu cha gululi pakati pa asilikali. Anthu 12 adaphedwa, mnzake wa pamtima Jacopo Ruffini adadzipha m'ndende, ndipo Mazzini adaweruzidwa kuti aphedwe iye kulibe. Chaka chotsatira adayesa kulowa ndi kagulu ka zida kudzera ku Savoy, koma zidakanika. Dziko la France lidamupirikitsa, la Switzerland nalo lidamupirikitsa, mpaka mu January 1837 adatsikira ku London, mzinda umene nthawi imeneyo unkadzitama kuti sukaniza munthu wothawa nkhanza kwawo.

Moyo wa ku London udayamba ndi umphawi wadzaoneni. Ankapinyolitsa katundu wake, zovala zomwe, kuti apeze chakudya. Pang'onopang'ono adayamba kupeza tindalama polemba nkhani m'magazini a Chingerezi, ganyu amene inenso ndikumudziwa kuwawa kwake. Mu 1841 adatsegula sukulu yaulere ya madzulo m'dera la Hatton Garden, yophunzitsa ana a ku Italy amene mabwana ankhanza ankawatenga kwawo kudzawaimbitsa malimba m'misewu. Adapalana ubwenzi ndi mlembi wotchuka Thomas Carlyle ndi mkazi wake Jane. Koma ndale sadasiye. Makalata ankapitabe ku Paris, ku Malta, ku Corfu, ndipo mayankho ankabwera.

Tsono kuti mumvetse chifukwa chimene nkhani ikubwerayi idakwiyitsira anthu, dziwani kuti mu 1840 boma la Britain lidatsitsa mtengo wotumizira kalata kufika pa kobiri limodzi, n'kutulutsa sitampa yomata yoyamba pa dziko lonse lapansi. Makalata adachoka pa 76 miliyoni mu 1839 kufika pa 169 miliyoni chaka chotsatira. Kalata idasiya kukhala ya olemera okha. Wantchito wa m'nyumba, mmisiri, mayi wa kumudzi, onse adayamba kuika zinsinsi zawo m'manja mwa positi ofesi, monga m'mene ife tidaikira zathu m'foni ya m'manja.

Chimene anthu wamba sankadziwa n'chakuti ku likulu la positi, ku St Martin's le Grand, kudali chipinda chamkati chimene ntchito yake idali kutsegula makalata a eni. Lamulo la 1711, la m'nthawi ya Mfumukazi Anne, lidapatsa nduna mphamvu yolamula kuti kalata ya munthu itsegulidwe, ndipo lamulo la 1837 lidaibwereza mphamvuyo. Makalata a masiku amenewo ankamatidwa ndi phula kapena kachomatira, mwini n'kudindapo chidindo chake. Akatswiri a m'chipindamo ankadziwa kumatula, kutengera chidindocho, kukopera zolembedwazo, n'kumatanso bwinobwino ndi chidindo chabodza kuti wolandira asazindikire.

Kazembe wa Austria ku London, Baron Philipp von Neumann, adakadandaula kwa Lord Aberdeen, nduna yoona za maiko akunja m'boma la Sir Robert Peel, kuti Mazzini akukonza zoukira ku Italy atakhala pa nthaka ya Britain. Pa 1 March 1844 nduna ya za m'dziko, Sir James Graham, idasaina chilolezo. Kuyambira pamenepo makalata a Mazzini opita ku nyumba nambala 47 Devonshire Street ankayamba adutsa m'chipinda chija asanafike kwa mwini wake.

Paja akuluakulu adati kuona maso a nkhono n'kudekha. Mazzini adayamba kuona kuti makalata ake akumafika mochedwerapo, ndipo chidindo cha positi chosonyeza nthawi chikuoneka kuti chadindidwa kawiri, china pamwamba pa chinzake. Sadakuwe ayi. Iye ndi anzake adayamba kudzitumizira okha makalata ataikamo tinjere ta duwa la poppy, tating'ono ngati mbewu ya fodya, ena timchenga, ena titsitsi. Makalata ena ankalembapo dzina lake, ena maina ongopeka pa keyala yomweyo, n'kuwaponya nthawi imodzi pali mboni. A maina opekawo ankafika msanga. A dzina la Mazzini ankafika mochedwa, tinjere titatayika.

Umboni uli m'manja, adapita kwa Thomas Duncombe, phungu wa dera la Finsbury, munthu wosaopa kulankhula. Pa 14 June 1844 Duncombe adaimirira m'Nyumba ya Malamulo ndi chikalata cha madandaulo cha Mazzini ndi anzake atatu. Yankho la Graham ndi lomwe lija timamvabe m'maiko ambiri. Adavomera kuti lamulo limamupatsa mphamvuyo, ndiponso kuti chilolezo chidaperekedwa pa mmodzi mwa odandaulawo. Koma adakana kutchula kuti ndani, chifukwa chake n'chiyani, kapena kuti zilolezo zotere zimaperekedwa kangati. Adati kuulula zimenezo sikungakomere dziko. Patapita masiku 10, Duncombe adabweranso ndi dandaulo la Captain Stolzman, wothawa kwawo wa ku Poland. Graham adangoti duu.

Kunja kwa Nyumbayo moto udabuka. Carlyle, amene sankagwirizana n'komwe ndi ndale za Mazzini, adalembera nyuzipepala ya The Times kuikira umboni kuti mnzakeyo ndi munthu woona mtima, ndipo kutsegula kalata yomata ya munthu adakufanizira ndi kupisa m'thumba mwa mwini. Nayo The Times idadzudzula boma. Magazini ya nthabwala ya Punch idamujambula Graham ngati kazitape wosuzumira m'makalata a anthu, ndipo kudayamba kugulitsidwa timapepala tomatira makalata tokhala ndi mawu onyoza ndunayo. Dzina la Graham lidasanduka mneni, moti munthu pofuna kunena kuti kalata yatsegulidwa panjira ankangotchula dzina la ndunayo.

Ambiri akadatha kumvetsa boma litagwira kalata ya chigawenga n'kudinda poyera kuti tatsegula ndife. Chidawanyansa ndi chinyengocho: chidindo chabodza, nthawi yosinthidwa, ndiponso nduna yokana kuyankha aphungu amene anthu adawatuma.

Litaona kuti madzi afika m'khosi, kumayambiriro kwa July boma lidalola kuti nyumba zonse ziwiri, ya aphungu ndi ya ma Lord, zikhazikitse makomiti ofufuza. Koma taonani ukathyali wake. Makomitiwo adali achinsinsi, ankakumana zitseko zili zotseka, umboni umene adamva sudasindikizidwe, ndipo Duncombe, mwini nkhani, adamukaniza kukhalamo. Uku Lord Aberdeen adatsimikizira anzake m'nyumba ya ma Lord kuti palibe ngakhale liwu limodzi la m'makalatamo limene lidaperekedwa kunja.

Apa tisiye kaye London tipite kummwera kwa Italy, poti kumeneko nkhaniyi idali ya moyo ndi imfa. Mwa anthu amene ankalemberana ndi Mazzini mudali anyamata awiri apachibale a ku Venice, Attilio ndi Emilio Bandiera. Adali maofesala m'gulu la nkhondo la pamadzi la Austria, bambo awo ali mkulu wa asilikali momwemo, koma iwo mtima udali pa ufulu wa Italy. Adathawa usilikali n'kukabisala pa chilumba cha Corfu, chimene nthawi imeneyo chidali pansi pa Britain. Mazzini adawalangiza kuti asapupulume, iwo sadamve. Pa 16 June 1844, patangopita masiku awiri Duncombe atalankhula ku London, adakocheza ku Calabria ndi anzawo pafupifupi 20 poganiza kuti anthu a kumeneko adzuka nawo. Palibe adadzuka. Mmodzi wa gulu lawo adawapereka, adagwidwa, ndipo pa 25 July abale awiriwo ndi anzawo 7 adaomberedwa pafupi ndi mzinda wa Cosenza.

Mu August, ku London, malipoti a makomiti aja adatuluka. Ngakhale adali ophimbaphimba, kwa nthawi yoyamba anthu a ku Britain adamva zimene maboma awo adakhala akuchita kwa zaka zoposa 100. Kuchokera mu 1799 kufika mu 1844 kudaperekedwa zilolezo 372, ndiye kuti pafupifupi 8 pa chaka, ndipo osaina adali nduna za zipani zonse ziwiri, amene ankalamula panthawiyo ndi otsutsa omwe. Zidadziwikanso kuti kudali nthambi ina imene inkatsegula makalata a akazembe a maiko ena. Chilolezo cha Mazzini chidagwira ntchito kuyambira pa 1 March mpaka pa 3 June. Ndipo lipoti la aphungu lidavomera kuti zina mwa zopezeka m'makalatawo zidaperekedwadi kwa boma lakunja, ngakhale lidati zoperekedwazo sizikadaika munthu aliyense pa ngozi.

Mazzini sadakhulupirire mawu otsirizawo. Mu 1845 adasindikiza kabuku kolembedwa ngati kalata yopita kwa Graham, ndipo iye ndi anzake ankati nduna za Britain zili ndi mbali pa imfa ya abale a Bandiera. Akatswiri a mbiri yakale amene adadzafufuza m'mafaelo akale adapeza kuti Aberdeen ankamutsinadi khutu kazembe wa Austria, koma ambiri amati chidaphetsa anyamatawo ndi mpereki wa pakati pawo komanso kupupuluma kwawo. Ine pamenepa sindiweruza. Chimene ndikuona n'chakuti boma likatola chinsinsi cha munthu n'kupatsira boma lina, silingathenso kulamula kumene chinsinsicho chikathere, ndipo mwini wake sadziwa n'komwe kuti achenjere.

Boma likapanikizidwa limathamangira kudetsa dzina la wodandaula, zimenezi si za lero. Mu 1845 Graham adauza Nyumba ya Malamulo kuti Mazzini adalamulapo kuphedwa kwa anthu akwawo mumzinda wa Rodez ku France mu 1833. Nkhaniyo idali yakale, yochokera pa chikalata chopeka, ndipo patapita masabata angapo ndunayo idabweza mawu ake pamaso pa aphungu. Chaka chomwecho Duncombe adati naye makalata ake adatsegulidwapo, phungu wathunthu, n'kupempha kuti zifufuzidwe poyera. Aphungu a mbali ya boma adakana ndi mavoti.

Nanga Mazzini adapindulanji? Lamulo silidasinthe, mphamvu ya nduna idatsala momwemo. Komabe nthambi yotsegula makalata a akazembe ndi ya akatswiri omasulira zilembo zachinsinsi zidatsekedwa m'zaka zochepa zotsatira, ndipo nduna zidayamba kuganiza kawiri zisanasaine chilolezo chotere. Graham, amene adagwira ntchito zikuluzikulu m'boma kwa zaka zambiri, anthu adatsala akumukumbukira ndi nkhani ya positi. Naye Mazzini, amene adali mlendo wosadziwika, dzina lake lidamveka Britain yonse, ndipo Angerezi ambiri adayamba kumvera chisoni omenyera ufulu wa Italy.

Moyo wake wotsala udali wa kugwa ndi kudzuka. Mu 1848, anthu m'maiko ambiri a ku Ulaya ataukira mafumu awo, adabwerera kwawo. Papa Pius IX atathawa mu Rome, mu 1849 mzindawo udalengeza boma la anthu, ndipo Mazzini adakhala mmodzi mwa atsogoleri atatu, pamodzi ndi Aurelio Saffi ndi Carlo Armellini. Ankakhala m'kachipinda kopanda ulemerero, n'kumadya m'lesitilanti ya anthu wamba. Malamulo amene bomalo lidalemba adathetsa chilango cha imfa. Koma lidangokhala miyezi isanu. Asilikali a France adauzinga mzindawo, Giuseppe Garibaldi adamenya nkhondo youteteza, ndipo kumayambiriro kwa July udagwa. Mazzini adathawanso, n'kukathera ku London komwe kuja.

Adakonzanso zoukira ku Milan mu 1853 ndi ku Genoa mu 1857. Zonse zidalephera, anyamata enanso adafa, iye adaweruzidwanso kuti aphedwe. Ufumu wa Italy udadzakhazikitsidwa mu 1861 pansi pa Mfumu Victor Emmanuel II, kudzera m'nzeru za nduna Cavour ndi nkhondo za Garibaldi. Umodzi adaulakalaka uja udabwera, koma ndi mfumu pamwamba, zimene iye sadazifune. Anthu a ku Messina adamusankha kukhala phungu mu 1866, iye adaukana mpandowo poti sakadalumbira kukhulupirika kwa mfumu. Mu 1870 adamangidwa ku Sicily n'kutsekeredwa ku Gaeta miyezi iwiri. Adamwalira pa 10 March 1872 ku Pisa, ali ndi zaka 66, akukhala mobisa m'dziko lake lomwe pa dzina lachingerezi la Brown. Ku maliro ake ku Genoa kudafika chinamtindi cha anthu. Mbiri yake idayenda mpaka kummwera kwa Africa, kumene Mahatma Gandhi adalemba za moyo wake mu 1905 pofuna kulimbitsa mtima amwenye anzake.

Tsono ndisakunamizeni, abale anga, Mazzini sadali mngelo. Ankakonzadi zoukira ndi zida, ndipo makalata ake ena adatumiza anyamata ku imfa. Graham akadakhala pano akadatifunsa ngati boma liyenera kungokhala manja lende munthu akukonza nkhondo pa nthaka yake. Funso limenelo ndi lomveka. Lero lino boma lililonse lili ndi zigawenga, ozembetsa anthu ndi mbava za pafoni zoti lizilondola. Inetu sindili m'gulu la amene amati boma lisamvetsere foni ya munthu aliyense zivute zitani.

Koma pali mafunso awiri amene maboma amakonda kuwaphatikiza dala. Loyamba ndi ili: kodi mukumvetsera foni ya uje lero? Limenelo mwina sangayankhe, poti wakubayo angathawe. Lachiwiri ndi ili: malamulo amene mumatsata ndi otani, amasaina ndani, woweruza amaona nawo kodi, chaka chatha mudamvetsera anthu angati, zimene mwamva mumasunga nthawi yaitali bwanji, nanga mumagawana ndi maiko ati? Kuyankha limeneli sikuthawitsa chigawenga chilichonse. Graham adabisala kuseri kwa funso loyamba pokana lachiwiri. Nambala ija ya 372 itatuluka, dziko la Britain silidagwe. Chidavulala ndi ulemu wa nduna basi.

Ku Britain komweko phunziroli lidatenga nthawi kulowa. Matelefoni atabwera, nduna zidapitiriza kusaina zilolezo zomvetsera popanda lamulo lomveka bwino. Mu 1984 khoti la ku Ulaya loona za ufulu wachibadwidwe, pa mlandu wa Malone, lidagamula kuti dzikolo likuphwanya ufulu wa anthu chifukwa nzika sizikadatha kudziwa malire a mphamvuyo. Lamulo lidabwera mu 1985, patatha zaka 141 chichitikireni za tinjere ta Mazzini. Lamulo lopatsa anthu ufulu wopeza nkhani za boma lidakhazikitsidwa mu 2000 n'kuyamba kugwira ntchito mokwanira mu 2005, koma nthambi za ukazitape adazipatula kuti zisamafunsidwe. Zidatengera Edward Snowden kuulula mu 2013 kuti anthu adziwe kuchuluka kwa mauthenga a pa intaneti amene nthambi ya GCHQ inkakokolola. Ndipo mu February 2015 bwalo lapadera loweruza madandaulo otere lidapeza kuti kulandirana mauthenga a anthu pakati pa Britain ndi America kudali kosemphana ndi lamulo kwa zaka zingapo, pa chifukwa chakuti ndondomeko zake zidabisidwa kwa anthu. Aberdeen ndi Neumann akadadzuka sakadaidabwa nkhani imeneyo.

Kwathu kuno zimenezi si zachilendo. Malamulo oyendetsera dziko a 1994, m'gawo 21, amateteza makalata ndi mafoni a munthu kuti asasokonezedwe, ndipo gawo 37 limapereka ufulu wopeza nkhani zimene boma likusunga. Olemba malamulowo ankakumbukira zomwe malume anga ankakumbukira. Komabe lamulo lotsegula njira ya gawo 37 lidadutsa m'Nyumba ya Malamulo mu 2016, lidasainidwa mu 2017, n'kuyamba kugwira ntchito pa 30 September 2020. Mukumbukanso mkangano wa makina a bungwe la MACRA amene manyuzipepala adawatcha a ukazitape, umene udazungulira m'makhoti kwa zaka zingapo, bungwelo likuti ndi oonera m'mene makampani a foni akugwirira ntchito ndi ndalama zimene akupeza, ena akuopa kuti adzaona amene tikuimbirana nawo. Kaya mudali mbali iti, muvomereza kuti mkangano wotere umakula pamene anthu akungoganizira m'malo moona zikalata.

Mazzini adali mlendo, wopanda voti, wopanda lamulo lomupatsa ufulu wofunsa. Adali ndi tinjere, phungu mmodzi wolimba mtima ndi manyuzipepala osaopa. Ifeyo uthenga wa pafoni sitingauikemo njere kapena tsitsi. Ukawerengedwa panjira umafika uli bwinobwino, pa nthawi yake, wopanda chipsera. N'chifukwa chake njira yatitsalira ndi kufunsa, molemba, ndi kufunsanso akakhala chete. Lamulo tili nalo tsopano, ndipo si la atolankhani okha ayi. Phungu wa kwanu angathe kufunsa m'Nyumba ya Malamulo, mabungwe angathe kufunsa, inu ndi ine tingathe kulembera ofesi yoyenera kufuna kuona ndondomeko ndi manambala. Akakana, akane molemba ndipo atchule chifukwa, kuti tikhale ndi pogwira popita ku khoti. Paja safunsa adadya phula.

Malume anga adapita osadziwa amene ankawawerengera makalata, kapena ngati munthuyo adalipo n'komwe. Koma zaka zonsezo abale awo akutali adangomva za mvula ndi nkhuku.